Tifunseni za Galimoto: Tayala Latsopano Likamanjenjemeretsa Chiwongolero

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu akudandaula za matayala atsopano amene sakuyenda monga eni ake ankayembekezera. Tasankhapo asanu, ndipo ena tawafupikitsa.

Funso: Akonzi, ndili ndi minibasi imene imayenda pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Mwezi watha ndinagula matayala awiri akutsogolo, atsopano osati akaunjika, ndipo ndinalipira kuti awabalanse. Chodabwitsa n'chakuti galimoto ikafika pa liwiro la makilomita 80 pa ola, chiwongolero chimayamba kunjenjemera mpaka dalaivala wanga akudandaula kuti manja akumachita dzanzi. Ndinabwerera nawo, anawabalansanso, makina anaonetsa ziro mbali zonse, koma vuto lilipobe. Kodi anandigulitsa matayala achinyengo? *Mwini minibasi, Lizulu*

Yankho: Pepani bambo, chifukwa ndalama za matayala awiri masiku ano si zapafupi. Komabe tisathamangire kunena kuti matayalawo ndi achinyengo. Zimene mwafotokozazi zimatha kuchitika ngakhale ndi tayala lenileni lochokera ku fakitale yodziwika, ndipo gwero lake lili m'kapangidwe ka tayalalo.

Anthu ambiri amaganiza kuti tayala limapangidwa pothira labala wosungunula m'chikombole. Si choncho ayi. Tayala limachita kumangidwa, chidutswa pamwamba pa chinzake, pa mgolo wachitsulo wozungulira. Poyamba amakulunga labala wopyapyala wa m'kati, amene amasunga mpweya m'malo mwa chubu. Pamwamba pake amayala nsalu ya ulusi wolimba yomatidwa ndi labala, ulusiwo utayenda mopingasa kuchokera mkombero wina kukafika mkombero unzake. Kenaka amaika mphete ziwiri za waya zimene zimagwira rimu, labala wa m'mbali, malamba awiri a waya wachitsulo, ndipo pomalizira labala wochindikala wa pamwamba amene amaponda msewu. Zambiri mwa zidutswa zimenezi zimafika pa mgolopo zili mpukutu wautali, zimadulidwa, nsonga zake n'kulumikizidwa. Apa ndi pamene pagona nkhani yanu. Polumikizira pamakhala pochindikala kuposa pena paliponse, monga mmene chitenje chimachindikalira pamene nsonga zake zapitirirana, ndipo malo ochindikalawo amakhalanso olemererapo ndi olimbirapo.

Tayala lomangidwa chonchi likadali laliwisi, lofewa ndi lopanda mano. Amalilowetsa m'chikombole chotentha kupitirira madigiri 150, m'kati mwake n'kufufumitsamo thumba la labala ndi nthunzi kapena madzi otentha, ndipo thumbalo limakankhira tayala ku makoma a chikombole mpaka mano ndi zolemba za m'mbali zitadindika. Tayala la galimoto yaing'ono limakhalamo mphindi pafupifupi 10 mpaka 15, pamene la lole limakhalitsamo kwambiri. M'kutentha kumeneku sulufule amamanga labala kuti alimbe ndi kusiya kunanda, njira imene Charles Goodyear anailembetsa mu 1844. Ngati tayala laliwisi lalowa m'chikombole litapendekeka pang'ono pokha, kapena thumba lija lakankha mbali ina kuposa inzake, cholakwikacho chimapsera momwemo ndipo palibe amene angachibweze.

Choncho tayala likhoza kutuluka m'fakitale ndi zilema ziwiri zosiyana, ndipo kusiyana kwake ndi kumene kwakuzunguzani. Chilema choyamba ndi cha kulemera: mbali ina ya tayala imalemera kuposa ina. Chimenechi ndicho chimachizidwa ndi tizitsulo tija amakhomerera pa rimu. Chilema chachiwiri ndi cha kulimba ndi kubulungira. Tayala likasenza galimoto limaphwathalala pang'ono pamene lagunda msewu, koma malo olimba aja akafika pansi safuna kuphwathalala ngati malo ena, motero amakankhira ekiselo m'mwamba, ndipo amatero ulendo uliwonse tayala likazungulira. Akatswiri amati vuto limeneli ndi radial force variation. Makina obalansira amene ali m'magalaji ambiri amazunguza tayala m'malere, lisanasenze kanthu, ndipo sangalione vutoli ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake anakuonetsani ziro koma chiwongolero chikunjenjemerabe.

Liwiro limene mwatchulalo nalonso lili ndi tanthauzo. Tayala la minibasi likazungulira kamodzi limayenda mtunda wopitirira pang'ono mamita awiri, kotero pa makilomita 80 pa ola limazungulira maulendo 10 kapena 11 pa sekondi iliyonse. Mwendo wa galimoto, kutanthauza tayala, rimu ndi zitsulo zonse zimene zimalendewera pa masipuling'i, umadumpha mosavuta ukamagogodedwa maulendo apakati pa 10 ndi 15 pa sekondi. Kugogoda kwa tayala kukagwirizana ndi kadumphidwe kameneka, kachilema kakang'ono kamamveka ngati chinthu chachikulu, pamene mukamayenda pang'onopang'ono podutsa pamsika wa Lizulu simumva kanthu.

Eni mafakitale amalidziwa bwino vutoli ndipo amalimbana nalo pa sitepe iliyonse. Pomanga tayala amamwaza malo olumikizira kuti asasanjikizane pamodzi: polumikizira labala wa m'kati pakakhala apa, polumikizira nsalu amapaika kutali, ndipo polumikizira labala wa pamwamba amapaikanso kwina, kuti kuchindikala kwa malo ena kuchepetse mphamvu ya anzake. M'mafakitale amakono kuwala kwa makina a laser kumayeza m'lifupi mwa chidutswa chilichonse ndi mmene nsonga zapitirirana. Tayala likapsa amalipopa, n'kulikanikiza pa mgolo waukulu wachitsulo ndi mphamvu yofanana ndi katundu amene lidzasenze, kenaka n'kulizunguza maulendo 60 pa mphindi, zipangizo zikulemba mmene mphamvu yake yokankha ikukwerera ndi kutsika. Limene lapyola malire pang'ono amatha kulipala labala wochepa kwambiri pamalo olimbawo, ndipo limene lapyola kwambiri limatayidwa. Dziwani kuti malirewo sakhala ofanana kwa ogula onse. Makampani opanga galimoto amalamula malire othina kwambiri pa matayala oikidwa pa galimoto zatsopano, pamene matayala opita m'masitolo kawirikawiri amaloledwa kusiyana kokulirapo, ndipo fakitale iliyonse imadziikira yokha pamene ikulekezera.

Tsono chitani izi. Yambani ndi rimu, chifukwa maenje a mumsewu apinda marimu ambiri ndipo tayala labwino pa rimu yopindika limavutanso chimodzimodzi. Kwezani galimoto pa jeke, ikani njerwa pafupi ndi tayala, gwirani choko pa njerwapo kuti nsonga yake itsale pang'ono kukhudza mano a tayala, wina azizunguza ndi manja. Ngati choko chikukhudza malo amodzi okha n'kusiya ena, tayala kapena rimu ikudumpha, ndipo mukayeza chimodzimodzi pa mkombero wa rimu mudziwa wolakwa. Onaninso kamzere kozungulira kamene kali pa tayala pafupi ndi mkombero wa rimu. Kayenera kutalikirana ndi rimu mofanana kuzungulira konse, ndipo kakamira pena ndiye kuti tayala silinakhale bwino polipopa. Zonsezi zikakhala bwino, uzani wokonza matayala aphwetse tayalalo, alitembenuze pa rimu theka la mzungulire, alipope ndi kulibalansanso. Nthawi zambiri zimenezi zimachepetsa kunjenjemera, chifukwa malo okwera a tayala amakumana ndi malo otsika a rimu. Makaniko aonenso mabering'i, ma ball joint ndi ma shock absorber, poti zimenezi zikatha zimakulitsa chilema chimene galimoto yolimba ikanachibisa. Zikakanika zonsezi, bwererani ndi lisiti kwa amene anakugulitsani mano asanayambe kutha, ndipo muwauze zonse zimene mwayesa.

Chenjezo limodzi kwa inu a kumtunda kozizirako: m'miyezi ya Juni ndi Julayi galimoto ikagona panja, tayala lokhala ndi ulusi wa nayiloni limatha kuuma litaphwathalala pamene linaponda pansi, ndipo m'mawa limagogoda kwa makilomita angapo mpaka litatenthedwa. Limenelo si vuto la ku fakitale, ndipo limatha lokha.

Funso: Ndikuphunzira ntchito yokonza matayala pa Dedza boma. Pa matayala atsopano ndimaona kadontho kofiira ndi kena kachikasu. Abwana anga amati ndi penti chabe ya ku fakitale. Kodi n'zoona? *Wophunzira ntchito, Dedza*

Yankho: Achimwene, mwafunsa funso limene tikanakonda kuti aliyense wogwira ntchito imeneyi alifunse. Timawalemekeza abwana anu, koma pamenepa sanalondole. Timadontho timeneti ndi zotsatira za kuyeza kumene tafotokoza pamwambapa, ndipo fakitale inatiika dala kuti tikuthandizeni inuyo amene mumaveka tayala pa rimu.

Kadontho kachikasu kamasonyeza malo opepuka kwambiri a tayala. Kamayenera kuyang'anizana ndi valavu, chifukwa pa marimu ambiri mbali ya valavu ndi imene imalemererapo. Mukatero, kupepuka kwa tayala ndi kulemera kwa rimu zimachepetsana, ndipo pobalansa mudzafuna tizitsulo tochepa. Kadontho kofiira kamasonyeza malo amene tayala limakankha kwambiri likasenza katundu, kapena kuti malo ake okwera. Opanga marimu ena, makamaka achitsulo, amaika chizindikiro pamalo otsika a rimu, mwina kadzenje kakang'ono kapena kadontho ka penti, ndipo kadontho kofiira ka tayala kamayenera kugwirizana ndi chizindikiro chimenecho. Timadontho tonse tiwiri tikakhalapo ndipo rimu ili ndi chizindikiro chake, tsatirani kofiira, chifukwa kulemera mungathe kukukonza ndi tizitsulo koma kudumpha simungathe. Rimu ikakhala yopanda chizindikiro, monga zilili ndi marimu ambiri akale amene penti inafufutika, ikani kachikasu pa valavu.

Si mafakitale onse amene amaika timadontho, choncho tayala lopanda kadontho silitanthauza kuti ndi loipa. Chimene chimatiwawa ife n'chakuti fakitale imawononga ndalama zambiri kuyeza tayala limodzilimodzi, koma ntchito yonseyo imatayika m'mphindi zisanu pamene tayala likuvekedwa mwachisawawa pansi pa mtengo. Musanaveke, palani dzimbiri ndi matope pa mkombero wa rimu, pakani madzi a sopo m'mphepete mwa tayala kuti litsetsereke n'kukhala bwino, ndipo musagwiritse ntchito oyilo kapena girisi chifukwa zimawononga labala ndipo zimachititsa tayala kuterereka pa rimu galimoto ikamamanga mabuleki. Musamenye mphete ya waya ndi hamala. Waya ameneyo akapindika, tayala limene linatuluka m'fakitale lili lobulungira bwino silidzakhalanso bwino pa rimu iliyonse.

Funso: Ndimanyamula mbatatesi ndi kabichi pa pikapu kuchokera ku Tsangano. Chiikireni matayala atsopano kutsogolo, galimoto imakokera kumanzere ndikangofewetsa dzanja pa chiwongolero. Alayimenti anachita kawiri. Ndichite chiyani? *Mayi wa geni, Tsangano*

Yankho: Mayi, yambani ndi zosalira ndalama. Yezani mpweya ndi geji m'mawa matayala asanatenthe, chifukwa tayala lamanzere likachepa mpweya galimoto imakokera komweko. Kumbukiraninso kuti misewu yathu imapendekera kumbali kuti madzi amvula azitsika, ndipo popeza timayenda kumanzere, galimoto iliyonse imafuna kutsetserekera kumanzere pang'ono. Kumeneko n'kwachibadwa, koma ngati mukuchita kulimbana ndi chiwongolero ulendo wonse, pali china.

Sinthanitsani matayala akutsogolowo, lamanzere lipite kumanja ndipo lamanja lipite kumanzere, kenaka muyende pamsewu womwewo. Ngati galimoto yayamba kukokera kumanja kapena yasiya kukoka, wolakwa ndi tayala osati alayimenti. Chimachitika n'chakuti malamba a waya aja akaikidwa atasendera mbali imodzi, ngakhale ndi milimita imodzi kapena awiri, phewa lina la tayala limalimba kuposa linzake. Likasenza katundu, mbali yofewayo imaphwathalala kwambiri n'kukhala ngati yafupika, ndipo tayala limagubuduka molunjika kumbali imeneyo. Dzina la vutoli ndi conicity. Ku fakitale amaliyeza pa makina omwe aja pozunguza tayala chakutsogolo kenaka chakumbuyo, ndipo njira yaikulu yolipewera ndi kuonetsetsa kuti malamba agona pakati penipeni pomanga.

Ngati kusinthanitsako kwathetsa vuto, asiyeni momwemo. Ngati kwangotembenuza mbali yokokera, pititsani tayala lovutalo kumbuyo kumene silingalimbane ndi chiwongolero, kapena mukalibweze. Musanasinthanitse, yang'anani m'mbali mwa tayala ngati muli muvi wosonyeza kumene liyenera kuzungulira. Tayala la muvi likasamuka mbali liyenera kuchotsedwa pa rimu n'kutembenuzidwa, apo ayi silichotsa bwino madzi nthawi ya mvula.

Funso: Tayala langa latsopano lili ndi malo olowa m'kati pang'ono m'mbali mwake, kuchokera pa rimu kukafika ku mano. Kodi liphulika? *Mphunzitsi, Bembeke*

Yankho: Aphunzitsi, khazikani mtima pansi. Malo olowa m'kati otere ndi polumikizira nsalu ya ulusi. Pamenepo ulusi unasanjikizana, motero mukapopa sipafufuma ngati malo ena, ndipo si chilema choopsa. Choopsa ndi chotupa chotulukira kunja. Chimenecho chimasonyeza kuti ulusi unaduka, kawirikawiri chifukwa chogunda dzenje kapena mwala, ndipo mpweya ukukankha labala yekha. Tayala lotere lichotsedwe tsiku lomwelo, ndipo musayerekeze kutsika nalo Khwekhwelere kupita ku Golomoti galimoto itadzaza. Chimodzimodzinso tayala limene latupa pa mano penipeni kapena limene mano ake akuyenda mokhotakhota polizunguza, chifukwa malamba a waya alekana ndi labala. Zimenezi zimapezeka kwambiri pa matayala akaunjika. Pogula, werengani manambala anayi omalizira pa mzere wa m'mbali mwa tayala umene umayamba ndi zilembo za DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, kotero 2423 ndi tayala la sabata ya 24 m'chaka cha 2023.

Funso: Ndili Fomu 4 ndipo ndimakonda sayansi. Ngati vuto ndi malo olumikizira, bwanji osapanga tayala lopanda polumikizira? Ndipo popeza ku Nkhata Bay kuli mitengo ya labala, n'chiyani chingatiletse kupanga matayala abwino kuno kwathu? *Wophunzira, Ntcheu boma*

Yankho: Mwana wathu, maganizo akowa ndi omwenso akatswiri akhala akuwatsata kwa zaka zambiri. Pamene John Boyd Dunlop ankapanga tayala lopopa la njinga ya mwana wake ku Belfast mu 1888, liwiro linali lochepa ndipo panalibe wodandaula za kunjenjemera kochokera ku zilema zoterezi. Matayala a galimoto amene anatsatira anali a nsalu zopingasana, ofewa mokwanira kubisa zolakwika zambiri. Zinthu zinasintha kampani ya Michelin italembetsa mu 1946 tayala la radial, la ulusi woyenda kuchokera mkombero wina kukafika unzake ndi malamba a waya pansi pa mano. Tayala limeneli limakhalitsa ndipo limapulumutsa mafuta, koma malamba ake achitsulo ndi olimba, motero cholakwika chaching'ono chimafika msanga m'manja mwa dalaivala. N'chifukwa chake kufala kwa radial kunakakamiza mafakitale kukhala ndi makina oyezera kufanana kwa tayala, komanso zikombole zogawika m'zigawo zingapo zimene zimatsekera tayala kuchokera kunja mozungulira, m'malo mwa zikombole za mbali ziwiri zimene zinkatha kukankha malamba n'kuwasendeza potseka.

Njira imene waganizayo ilipo. M'malo modula chidutswa chachikulu n'kulumikiza nsonga zake, makina amakulunga kalamba kopyapyala ka labala kapena ka nayiloni mozungulirazungulira, maulendo ambirimbiri, mpaka chigawo chonse chitakwana popanda malo amodzi ochindikala. Michelin inayambitsa njira yake yotchedwa C3M m'zaka za m'ma 1990, Pirelli ili ndi yake ya maloboti yotchedwa MIRS, ndipo mu 2016 Bridgestone inakhazikitsa pa fakitale yake ya ku Hikone m'dziko la Japan makina otchedwa Examation, amene amayeza zidutswa pamene tayala likumangidwa n'kumadzikonza okha nthawi yomweyo. Ife tikuona kuti kusintha kwenikweni kuli pamenepa: kale ankadikira tayala lipse kuti adziwe ngati lalakwika, pamene tsopano amafuna kugwira cholakwika labala akadali wofewa. Makina otere ndi okwera mtengo, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene matayala awiri a saizi imodzi amasiyanirana mtengo kwambiri ngakhale pamaso akuoneka ofanana.

Za ku Nkhata Bay wanena zoona, ku Vizara kuli munda waukulu wa mitengo ya labala. Koma utomoni wa mtengo ndi gawo limodzi chabe la tayala. Pamafunikanso labala wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi, kaboni wakuda amene amalimbitsa labala ndi kumupatsa mtundu wake, silika, sulufule, ulusi, ndi waya wachitsulo wokutidwa ndi mkuwa wosakaniza kuti umatirire ku labala. Labala wa mtengo amasiyananso kufewa kwake malinga ndi nyengo ndi munda, choncho mafakitale, ngakhale akamagula ku Thailand kumene kumachokera labala wambiri padziko lonse, amayeza mtolo uliwonse n'kusakaniza mitolo yosiyanasiyana kuti zotuluka lero zifanane ndi za dzulo. Labala akalimbirapo pang'ono, chidutswa chotuluka m'makina chimasintha kuchindikala kwake, ndipo kusinthako kumakaonekera pa chiwongolero cha minibasi ya ku Lizulu ija.

Mafakitale a matayala a galimoto alipo m'chigawo chathu chino, monga ya matayala a Dunlop ku Ladysmith ndi ya Continental ku Gqeberha m'dziko la South Africa, ndipo amadalira msika waukulu wa makampani opanga galimoto m'dzikomo. Ife tingafunike msika wotere, anthu ophunzira za makina ndi za kemisitiri monga iweyo, komanso magetsi ndi nthunzi zosadukiza usana ndi usiku, chifukwa kutentha kukatsika kwa mphindi zochepa zokha pakati pa kupsa, matayala amene ali m'zikombole pa nthawi imeneyo akhoza kutuluka osapsa mokwanira n'kutayidwa.